Mwakongola m'dzina lathu, ndiye bukulo tilione

Asisi, atsikana, amayi nonse a pa tsamba lino, lero tabwera ndi nkhani imene ambiri mukangoiona mumasuntha chala n'kudutsa. Ngongole za boma. Eya, tikudziwa, ena mwayasamula kale. Mumati zimenezo n'za azibambo a mataye a ku Capital Hill, ife zathu ndi za nkhanza za m'banja, za mapadi, za mabwana ofuna thupi asanakulembe ntchito. Dikirani kaye. Bandulo yanu sipita pachabe.

Tiyambire kwathu kuno ku Nkolokosa. Lamulungu lililonse masana timakumana pakhonde pa mayi wina, gulu lathu la banki m'khonde. Mphasa ziwiri, bokosi lachitsulo pakati. Bokosilo lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo amene amagona nalo bokosilo alibe kiyi ngakhale imodzi. Munthu akafuna ngongole amanena pamaso pa tonse: ndikufuna zakutizakuti, ndikaoda belo ku Limbe, ndibweza mwezi ukatha. Mlembi amalemba, kenako amawerenga mokweza kuti aliyense amve. Ndalama zimawerengedwa poyera, pambale. Wina akamafuna kukongola zoposa msinkhu wake timamuuza pomwepo kuti sisi, apa ayi, udzatiliza. Ndipo chiwongoladzanja chimene timalipira sichithawira kwina. Mu Disembala timagawana tokhatokha, wina n'kugula malata, wina n'kusungira fizi ya Januwale, wina kachitenje ka Khirisimasi.

Ena mwa amayi a m'gulu lathu sanafike ngakhale Sitandade 8. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene angalole kuti mlembi ndi msungichuma adzitsekere kuchipinda ndi mlendo, akongole m'dzina la gulu, adye, kenako atuluke n'kumati "amayi, mangani malamba, tibweze." Tsiku limenelo pakhonde pangavute. Ndiye zikutheka bwanji kuti zomwezo zikamachitika ku Lilongwe ife timangoti n'za akuluakulu?

Tikumbutsane za Novembala 2023. Mnzathu wina m'gululi anatenga ngongole Lamulungu kuti akaode belo la kaunjika. Mwana anadwala, sanapite ku Limbe mpaka chakumapeto kwa sabata. Pakati pa sabata imeneyo Reserve Bank inalengeza kuti kwacha yagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali pa K1,180 inadzuka ili pa K1,700. Atafika kwa ogulitsa mabelo anapeza mtengo ndi wina, ndalama yake yosakwana. Anabwerera atanyamula chikwama chokha, ngongole ya gulu ili pamutu. Sanasainepo pepala lililonse ndi IMF, ku Washington sakudziwako, koma pa 14 Novembala, pasanathe sabata, IMF inavomereza ngongole ya madola 175 miliyoni ya dziko la Malawi, yoti izibwera pang'onopang'ono kwa zaka zinayi, ndipo palibe amene anabisa kuti kusintha mtengo wa kwacha kunali m'gulu la zimene zinayenera kuchitika ngongoleyo isanavomerezedwe.

Za mapadi mukuzikumbukira? Tinakuwa zaka zingati kuti msonkho uchoke? Mu 2022 nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Sosten Gwengwe, inalengeza kuti msonkho wa pa mapadi wachotsedwa. Tinavina, tinalemba "tapambana" paliponse. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Chaka chotsatira, 44 ija. Mapadi ambiri amachokera kunja, amagulidwa ndi dola. Chigonjetso chathu chinadyedwa tisanamalize n'kulemba zikwangwani zothokoza. Amene amati nkhani ya ngongole si nkhani ya amayi akafunse mtsikana wa Fomu 2 ku Zingwangwa amene wabwerera ku kansalu.

Tsono mumve chopweteka. Pa madola 175 miliyoni aja, anabwera ndi 35 miliyoni basi. Mu Meyi 2025 pulogalamu yonse inatha yokha chifukwa panadutsa miyezi 18 popanda kuunika kumene kunamalizidwa. Boma linalephera kuchepetsa kumwaza ndalama monga linalonjezera, IMF inapinda manja. Mankhwala owawa tinamwa botolo lonse, ndalama inabwera gawo limodzi mwa magawo asanu. Kwacha sinabwerere pamene inali. Dola ya m'misewu inakwera mpaka kupitirira K4,000, mizere ya mafuta inafika pena paliponse, ndipo mu Febuluwale 2025 anali amayi a kaunjika amene anatseka mabenchi awo n'kuguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akatswiri onse a zachuma anali phee m'maofesi a mphepo yozizira, amene anatuluka panja ndi amayi ogulitsa madiresi a m'belo.

Tiyeni tione manambala pang'ono, musaope. Bajeti ya 2025/26 inali pafupifupi K8 thililiyoni. Pa ndalama imeneyo, yoposa K2 thililiyoni inali ya chiwongoladzanja chokha. Tikuti chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe. Kwacha imodzi pa makwacha anayi alionse. Unduna wa zaumoyo sunafike ngakhale theka la ndalama imeneyo. Ganizirani nyumba imene bambo akalandira malipiro, kota imapita kwa wakatapila asanagule ufa.

Ndipo boma likachepetsa ndalama za chipatala, matendawo sachepa. Amangosamukira pamsana pa munthu wina, ndipo munthuyo tikumudziwa. Ndi ife amene timagona pansi pa bedi la wodwala ngati magadiyani, kuphika phala panja, kuchapa zofunda, kuthamangira ku famase ndi kapepala chifukwa akuti mankhwala atha. Ndi ife amene timadzuka 2 koloko usiku mpopi ukayamba kutsokomola, kudzaza zidebe madzi asanathawenso. Ndi mwana wamkazi amene amauzidwa kuti ayambe wadikira, fizi ikwanire mchimwene wake. Ntchito yonseyi salipira, m'mabuku a Treasury mulibe, m'malipoti a IMF simuoneka. Bajeti ikamaoneka ngati yalongosoka papepala, dziwani kuti chosowacho chatsekedwa ndi tulo ta mayi wina ku Manja.

Apa tisanamizane. Pali anzathu amene nkhani iliyonse amathamangira kunena kuti ndi azungu. Gawo lalikulu la chiwongoladzanja chija silipita ku Washington, limatsala konkuno. Boma limakongola kwambiri m'dziko momwe muno, kumabanki ndi kumakampani a penshoni ndi inshuwalansi, pa chiwongoladzanja chokwera zedi. N'chifukwa chake chaka chimene aliyense akulira, mabanki a mu Victoria Avenue amalengeza phindu la mabiliyoni, zithunzi zili mbee m'nyuzipepala. Banki ikakhala ndi kasitomala wotchedwa boma, wosathawa, wolipira bwino, ivutikirenji ndi mtsikana wofuna kukulitsa saluni yake pa Kamba? Iwe ukapitako akufunsa chikalata cha nyumba. Nyumba yake iti, poti ndiwe wa lendi? Ndiye umathera kwa wakatapila kapena pa tingongole ta pa foni, tija timakutumizira uthenga m'bandakucha.

Pali ngongole zinanso zimene anthu ambiri sanazimvepo mpaka zitaphulika: madola mamiliyoni mazanamazana amene dziko linakongola ku Afreximbank ndi ku Trade and Development Bank, pa mitengo ya malonda, pofuna kuti forex ioneke ngati ilipo. Pofika 2022 Malawi anali atalembedwa m'kaundula wa mayiko amene ngongole yawafika m'khosi. Anakuuzani ndani pamene ankasaina? Phungu wanu anabwera pa bwalo la sukulu kudzafotokoza?

Ambiri a inu munabadwa cha m'ma 2000, ndiye mwina mukuganiza kuti zimenezi zayamba dzana. Kafunseni amayi anu. Malawi anayamba kulandira ngongole zokhala ndi malamulo osintha kayendetsedwe ka chuma mu 1981. Malangizo anali omwewo zaka zonse: boma lichoke pa msika, lichotse thandizo la feteleza, litseke misika ya ADMARC yosapanga phindu, ligulitse makampani ake. Mzinda uno wa Blantyre unali wa mafakitale. Ku David Whitehead and Sons kunkagwira anthu masauzande, chitenje chimene agogo anu ankavala chinkalukidwa konkuno ndi thonje la ku Chikwawa ndi ku Balaka. Kampaniyo inafooka, n'kugulitsidwa mu 2003. Lero dziko lolima thonje likuvala zovala zimene ena anavula, ndipo ngakhale zimenezo tikuzilimbirana dola.

Ndiye kafunseninso za njala ya 2002. Dziko linali ndi chimanga chosungidwa m'nkhokwe za boma, matani oposa 160,000. IMF inalangiza kuti china chigulitsidwe, nkhokwe zichepe, ngongole imene bungwe losunga chimangacho linatenga ibwezedwe. Iwo amati ananena kuti kutsale matani 60,000. Akuluakulu athu anagulitsa pafupifupi chonse, ndipo kafukufuku anapeza kuti ena mwa ogula anali anthu oyandikana ndi mipando, amene anachisunga n'kudzachigulitsa mtengo utakwera. Mvula itavuta, nkhokwe zinali mbee. Anthu anadya gaga, anadya zitsa za nthochi, anthu anafa. Mpaka lero mbali ziwirizi zimalozana chala. Ife sitikusankhapo. Wina anapereka malangizo ali pa ndege, wina anaba ali pansi, ndipo amene anakwirira ana sanafunsidwe ndi aliyense wa iwo.

Mu 2006 mayiko ndi mabungwe anatikhululukira ngongole pafupifupi madola 3 biliyoni. Buku linafufutidwa, tinayamba pa tsamba loyera. Zaka zosakwana makumi awiri, tabwerera m'dzenje lomwelo, mwinanso lakuya kuposa lija. UDF, DPP, PP, MCP ndi anzake a Tonse, aliyense anakumbako khasu lake. Amene akufuna kutilembera kuti "inu ndi a chipani chakuti" asavutike.

Kukongola pakokha si tchimo, ife a banki m'khonde timadziwa. Ngongole ya belo imabweza yokha. Ngongole ya phwando ndi imene imagulitsa ndowa ndi mapoto. Funso ndi lakuti ndalamazo zinagula chiyani, ndipo chinagulidwacho chili kuti. Pa funso limeneli tili ndi mayi mmodzi amene anatisonyeza njira. Boma linakongola madola 50 miliyoni ku banki ya Exim ya ku India, ndipo mbali ya ndalamazo inagula mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144, akuti za alimi ang'onoang'ono. Alimi ang'onoang'ono m'dziko muno ambiri ndi amayi, aja akuwerama ndi khasu mwana ali kumbuyo. Mathirakitala ambiri sanawaone. Anagulitsidwa motchipa kwa andale, akuluakulu a m'boma ndi ena odziwika. Mu 2016 mayi Martha Chizuma, ali Ombudsman, anafufuza n'kutulutsa lipoti lotchedwa The Present Toiling, The Future Overburdened. Boma linalimbana nalo m'makhothi mpaka 2019, pamene khothi lalikulu la apilo linagwirizana ndi mayi Chizuma, akuluakulu a maunduna n'kulamulidwa kupepesa kwa Amalawi. Kupepesa! Thirakitala ili pa famu ya bwana, ngongole ili pa mutu pa mwana amene sanabadwe, ife atipatsa "pepani" wa m'nyuzipepala. Ndipo mukudziwa zimene zinadzawachitikira mayi Chizuma atapita ku ACB: mu Disembala 2022 apolisi anakawatenga kunyumba kwawo m'bandakucha. Mayi akafunsa za buku la ndalama m'dziko muno amalandira zotere.

Tsopano tibwere pa m'bale wake wa ngongole, amene amayenda naye ngati mapasa. Amati thandizo la ukatswiri, pa Chingerezi technical assistance. Wokongozayo akakupatsa ndalama amakutumiziranso munthu wodzakuuza mmene uzigwiritsire ntchito. Malipiro a munthuyo, tikiti ya ndege, hotelo, galimoto yoyera yaitali ija, kawirikawiri zimawerengedwa m'ndalama za pulojekiti yomweyo. Ikakhala mphatso, ndiye kuti mbali ya mphatsoyo yabwerera kwawo m'thumba la mwana wawo. Ikakhala ngongole, ndiye kuti mlangiziyo tikumulipira ife, ndi chiwongoladzanja pamwamba.

Makolo anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo nthawi zina n'zoona. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, magetsi n'kumazima tsiku lonse, masaluni ndi mafiriji a mafiriziesi athu ataima, ndalama za World Bank ndi mainjiniya odziwa ntchito anathandiza kuti makinawo adzukenso. Zimenezo sitikana. Koma kalumo kakuthwa kamametanso mpala munthu amene anangopempha kuchepetsa tsitsi.

Ena mwa ife tagwirapo maganyu a mapulojekiti amenewa, ndiye tikunena zimene tinaona. Mtsikana wa digiri ya ku Chanco kapena ku Poly amalembedwa masiku khumi kuti azinyamula tabuleti ndi kumasulira. Katswiri wafika Lolemba, sadziwa kusiyana kwa Ndirande ndi Namiwawa. Timamutengera kwa amayi a pamsika, amayiwo amasiya malonda awo maola atatu, amafotokoza zonse mwanzeru, amapatsidwa Fanta ndi bisiketi. Katswiri amanyamuka Lachisanu. Pakatha miyezi itatu kumabwera lipoti la masamba 90 la m'Chingerezi, lonena zomwe amayi aja ananena, dzina lili pachikuto ndi lake, chithunzi chili pachikuto ndi cha mayi wa tomato amene sanauzidwe n'komwe. Kenako msonkhano wokhazikitsa lipotilo kuhotelo ya kunyanja ku Mangochi, mabwana a m'maunduna asaina maalawansi, ena asaina n'kuthawa nkhomaliro isanakwane. Malipiro a katswiriyo a tsiku limodzi, womasulira uja sawaona ngakhale atagwira mwezi. Ndiye chaka chamawa kumabwera wina kudzafunsa mafunso omwewo.

Pepala lililonse la mapulojekitiwa lili ndi ndime ya jenda. Amatiwerenga: amayi angati anafika pa msonkhano, amayi angati alandira. Amatitcha opindula. Koma pa tebulo pamene akukambirana chiwongoladzanja, zaka zobwezera ndi zimene boma lidule kuti libweze, ndime ya jenda sifikapo. Tatchulani nduna za zachuma zimene mukuzikumbukira: Aleke Banda, Cassim Chilumpha, Mathews Chikaonda, Friday Jumbe, Goodall Gondwe, Ken Kandodo, Ken Lipenga, Maxwell Mkwezalamba, Joseph Mwanamvekha, Felix Mlusu, Sosten Gwengwe, Simplex Chithyola Banda. Mwamvapo dzina la mayi? Komanso tisadzinamize kuti mayi mmodzi pamwamba ndiye mankhwala. Mu Meyi 2012 amene anagwetsa kwacha anali mayi Joyce Banda, mkulu wa IMF ali mayi Christine Lagarde. Pa 44 peresenti ija mkulu wa IMF analinso mayi, Kristalina Georgieva. Diresi pa mpando silitsitsa mtengo wa sopo ngati chitseko cha chipindacho chili chotsekabe.

Akatswiri amalakwitsanso, ndipo akalakwitsa sabwera pa maliro. Mu 2005, dziko lili mu njala ina, Bingu wa Mutharika anabwezeretsa feteleza wotsika mtengo, opereka thandizo ambiri akukana. Zaka zotsatira chimanga chinachuluka mpaka nyuzipepala za ku America zinalemba za Malawi. Musatimve molakwa, pulogalamu ya feteleza nayo inadzasanduka modyera, mpaka mu 2022 tinamva kuti K750 miliyoni ya feteleza yatumizidwa ku kampani yogulitsa nyama ku UK. Butchala, asisi. Koma phunziro la 2005 likadalipo: "ayi" ndi mawu amene dziko losauka lingathe kunena n'kukhalabe ndi moyo.

Amene amati dziko laling'ono lilibe pakamwa, tiwatengere kutali pang'ono, ku nyanja ya Caribbean. Kuli kachilumba kotchedwa Barbados, anthu ake osakwana 300,000. Mzinda wa Blantyre wokha pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu 800,000. Mayi Mia Mottley atasankhidwa kukhala nduna yaikulu mu 2018 anapeza dziko litamira m'ngongole. Patangopita masiku ochepa anaima pamaso pa anthu ake, n'kuwauza kukula kwenikweni kwa ngongoleyo, kuphatikizapo zimene zinkabisidwa, n'kulengeza kuti ayamba aima kulipira okongoza akunja kuti akambiranenso. Nawonso anapita ku IMF, nawonso anamva ululu, antchito ena a m'boma anachotsedwa. Koma pa mapepala atsopano a ngongole anaikamo ndime yakuti namondwe wamkulu akagwa, kubweza kuyambe kwaima kwa zaka ziwiri, ndalama zipite kokonza dziko. Chilumba china chapafupi, Grenada, chinali chitaika kale ndime yotere mu 2015, ndipo namondwe wa Beryl atachisakaza mu Julayi 2024, chinaigwiritsadi ntchito, okongoza n'kudikira. Mu 2022 mayi Mottley anayambitsa Bridgetown Initiative, kukankha kuti malamulo a World Bank ndi IMF asinthe pa mayiko amene akuphedwa ndi nyengo imene sanaiononge ndi iwo. Kachilumba kochepa kuposa boma la Chiradzulu, koma mawu ake anamveka mpaka World Bank inayamba kuika ndime zoterezi m'ngongole zina.

Ife za namondwe sitichita kumva pa wailesi. Mu Malichi 2023 phiri la Soche, lomwe timaliona tikatsegula chitseko m'mawa, linatsika ndi matope ndi miyala pa Chilobwe ndi Manja anthu ali m'tulo. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, katundu woonongeka anaposa madola 500 miliyoni. Tinanyamula zovala, mapadi ndi ufa kupita nazo kumisasa ya m'masukulu, tinaona amayi oyembekezera atagona pa simenti m'makalasi. Miyezi isanu ndi itatu yokha chichitikireni zimenezo, anthu ena akadali m'matenti, mphatso imene tinalandira inali 44 peresenti ija. Chiwongoladzanja sichinaime ngakhale tsiku limodzi. Mwa akatswiri onse amene tinawalipira kuti atilangize pa kasamalidwe ka ngongole, mwa nduna zonse zimene zinakwera ndege kukasaina, panalibe amene anaganiza zoika ndime ya namondwe, m'dziko limene linaona Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022? M'gulu lathu la pakhonde muli kathumba kapadera ka mavuto, ka maliro ndi matenda, ndipo mayi amene nyumba yake yagwa timayamba tamusiya apume. Zimenezi sanatiphunzitse ndi katswiri.

Tikudziwa zimene ena alembe. "Ndinu osayamika, popanda madona mukanafa." Tikuyamika ma ARV, tikuyamika katemera, tikuyamika Mtukula Pakhomo. Komanso tinaona mu 2025, boma la America litatseka USAID ndi cholembera chimodzi, mmene ntchito za zaumoyo zinagwedezekera, anzathu ambirimbiri n'kutsala opanda ntchito. Wodya zopempha sasankha tsiku losala. Ena ati, "zachuma n'zovuta, simungazimvetse." Mayi amene amadyetsa anthu asanu ndi awiri ndi phindu la mandasi, n'kulipira lendi, n'kuponya masheya Lamulungu lililonse, mukuti sangamvetse chiwongoladzanja? Chovuta si masamu. Chovuta n'chakuti mapepalawo amalembedwa m'Chingerezi cha maloya, mabilu ovomereza ngongole amadutsa m'Nyumba ya Malamulo mothamanga, aphungu ena akuomba m'matebulo asanawerenge n'komwe, ndipo mgwirizano weniweniwo munthu wamba sauona.

Ndiye ife tikuti bukulo tilione. Ngongole iliyonse imene boma lakongola m'dzina la Amalawi, ya ku China, ya ku India, ya ku mabanki a konkuno, iikidwe poyera: wokongoza ndani, zingati, chiwongoladzanja chanji, chikole n'chiyani, tidzamaliza liti. Bilu ya ngongole isanakambidwe ku Nyumba ya Malamulo, ifotokozedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, pa wailesi, masabata angapo zisanachitike, osati kutiuza atasaina kale. Pulojekiti iliyonse inene poyera kuti pa ndalama zake, zingati zapita kwa makonsalitanti, zingati kumisonkhano ya kunyanja, zingati zafika pansi. Katswiri wakunja akabwera, pakhale Mmalawi amene akusiyiridwa ntchitoyo, dzina lake lilembedwe pachikuto, ndipo tsiku lonyamuka mlendoyo lidziwike. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limanena za 60 kwa 40 pa maudindo a m'boma. Gulu lopita kukakambirana ndi IMF nalo litsate zomwezo, ndipo asanapite akakhale pansi ndi amayi a m'misika, anamwino ndi aphunzitsi. Ngongole yatsopano iliyonse ikhale ndi ndime ya namondwe.

Tiyambira pafupi, pa madzi. Madzi ambiri a mzinda uno amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kupopedwa kukwera mapiri mpaka kuno. Panabwera ngongole ya ku India ya madola 23.5 miliyoni yokokera madzi kuchokera ku Likhubula ku Mulanje. Kolera ya 2022 ndi 2023 itapha anthu oposa 1,700, mpaka masukulu a mu Blantyre ndi Lilongwe kuchedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, World Bank inavomereza madola 145 miliyoni a madzi ndi ukhondo mu mzinda wa Blantyre. Ndalama zimenezi n'zenizeni, ndipo tikufuna zigwire ntchito. Tikufuna tidziwe mapaipi ake adutsa m'madera ati, zimbudzi za m'misika zamangidwa zingati, ndipo mayi wa ku Chilobwe asiya liti kutunga pa chitsime cha m'mbali mwa ngalande.

Chida tili nacho. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Limapatsa Mmalawi aliyense ufulu wolembera ofesi ya boma kupempha zikalata, ofesiyo iyenera kuyankha, ndipo ikakana kapena kukhala chete nkhani imapita ku Malawi Human Rights Commission. Ambiri sitinaligwiritsepo ntchito. Mabwana akudalira zimenezo.

Pakadali pano tikupempha kanthu kamodzi. Kulikonse kumene mukukhala, Bangwe, Machinjiri, Chirimba, Mbayani, Chigumula, pali chikwangwani cha pulojekiti chimene mumachidutsa tsiku ndi tsiku, china chachita kale dzimbiri. Pamalembedwa wopereka ndalama, kontirakitala, mtengo wake ndi tsiku lomaliza ntchito. Chijambuleni, mujambulenso chimene chili kumbuyo kwake, kaya ndi nyumba yatha, kaya ndi maziko omera udzu, mutitumizire ndi dzina la dera. Nkhope za anthu musajambule. Amene munaphunzira za malamulo kapena za maakaunti, tikukufunani, bwerani ndi zolembera. Lamulungu likubwerali, bokosi likangotsekedwa ndi maloko ake atatu, mphasa sitipinda. Tiyamba kulemba kalata yoyamba pomwepo.